Zimbale zakale za Galli-Curci: kodi mukumvamo chiyani?

A Mbewe (Zomba):
Moni nonse. Sabata ino ndikupempha kuti timvere limodzi mayi wina woimba opera wa ku Italy, Amelita Galli-Curci, amene nyimbo zake zinajambulidwa zaka zoposa 100 zapitazo. Ndaika ziwiri, "Caro nome" ya mu opera ya Rigoletto ya Verdi, ndi nyimbo ya mabelu ya mu opera ya Lakmé ya Delibes, imene anajambula mu 1917. Maganizo anga ndinene poyamba pomwe. Mwa asopulano onse a mawu opepuka ndi othamanga, amene amatchedwa coloratura, sindinamvepo wina woimba mosadzivutitsa ngati mayiyu pa zimbale zake za pakati pa 1916 ndi 1920. Alipo amene anali ndi mawu aakulu kumuposa, alipo amene ankakwera kumuposa. Koma iye ukamamumvera sumva kuti munthu akugwira ntchito yolemetsa. Mverani kaye, tikambirana pambuyo. Valani mahedifoni ngati muli nawo, sipika ya foni imameza zambiri.

Tadala (Lilongwe):
Zikomo a Mbewe. Ndamvera zonse ziwiri. Chimene chikundisokoneza ndi phokoso lija, chiii, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati mvula ikugwa pa malata. Zoimbira nazo zikumveka ngati zili m'chipinda china. Mawu akewo ndi okoma ndithu, koma akumveka aang'ono kwambiri. Munthu wa mawu otere ankadzaza bwanji holo yaikulu popanda maikolofoni? Komanso mundithandize. Ine ku kwaya ndimaimba sopulano, koma zimene akuchita mayiyu chakumapeto kwa nyimbo ya mabelu ife sitinaphunzirepo. Kodi ndi mawu obadwa nawo kapena ndi zochita kuphunzira?

Yamikani (Blantyre):
Achemwali Tadala, ndiyankheko za phokoso ndi kuchepa kwa mawu, poti ntchito yanga ndi ya mu situdiyo.

Mu 1917 kunalibe maikolofoni pojambula. Woimba ankaimirira patsogolo pa chilipenga chachikulu chotulukira m'khoma. Mawu akalowa m'lipengamo ankagwedeza kanthu kopyapyala kamene kanali kumapeto kwake, kanthu kameneko n'kumakankha singano, singanoyo n'kumalemba mzere pa phula lozungulira. Basi. Mphamvu yonse yolembera inkachokera m'chifuwa cha woimbayo. Akafika pa noti yofuula ankayenera kubwerera m'mbuyo kuti singano isadumphe, akafika pofewa n'kusendera pafupi. Akalakwitsa panalibe zodula n'kulumikiza, ankatenga phula lina n'kuyambiranso nyimbo yonse.

Makina amenewo ankagwira mawu a pakatikati okha, kuyambira pafupifupi 250 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kufika cha m'ma 2,500 Hz. Khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka cha m'ma 20,000. Tsono taganizani. Sopulano akaimba C wapamwamba, notiyo ili pa 1,047 Hz, ndipo imalowa bwino. Koma chimene chimapatsa mawu kuwala ndi kukula ndi timawu tina timene timakwera pamwamba pa notiyo, kawiri, katatu, kanayi kuposa iyo. Timeneto tambiri lipenga linkatitaya. N'chifukwa chake manotsi ake apamwamba akumveka oyera ngati chitoliro, komanso aang'ono. Amuna ngati Enrico Caruso, woimba wotchuka wa ku Italy, ankatuluka bwino chifukwa mawu awo ndi timawu take tomwe zinkakwana m'malire aja.

Zoimbira nazo ankazisintha. Mavayolini ena anali apadera, okhala ndi kalipenga kawo, ndipo m'malo mwa besi ya zingwe ankaika tuba, lipenga lalikulu la mawu otsika, chifukwa besiyo sinkamveka. Anthu onsewo ankapanikizana m'kachipinda, aliyense akufuna kuyandikira lipenga.

Phokosolo ndi la chimbale chenichenicho. Ankachipanga ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India, wosakaniza ndi fumbi la miyala. Singano ikamadutsa imakhula.

A Tembo (Chipata):
A Yamikani mwandikumbutsa kutali. Agogo athu anabwera ndi galamafoni yopukusa kuchokera ku migodi, pamodzi ndi kachitini ka masingano. Lamulo lawo linali lakuti singano imodzi mbali imodzi ya chimbale, ikatha mutaye, apo ayi muwononga nyimbo. Zimbale zawo zinali za magitala ndi makwaya, osati za opera, koma kulemera kwake, kusweka kwake kosavuta, ndi phokoso lake ndi zomwezi. Ife tinakula tikudziwa kuti nyimbo imakhala kuseri kwa phokosolo, ndipo pakapita kanthawi khutu limaleka kulimva. Mayi Tadala, mverani kachitatu osalimbana nalo. Mudzaona kuti likuchoka lokha.

Chinanso, chimbale chachikulu, cha mainchesi 12, chinkatenga mphindi zinayi kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye nyimbo zazitali ankazidula kapena kuzithamangitsa. Musaganize kuti mmene zilili apa ndi mmene ankaimbira pa siteji.

A Mbewe (Zomba):
Zikomo a Yamikani ndi a Tembo. Tsono Tadala mwana wanga, funso lako lija. Kupepuka kwa mawu munthu amabadwa nako, koma zonse zimene wamvazo ndi zochita kuphunzira, zaka ndi zaka. Kuthamangitsa manotsi ambiri pa silabo imodzi, iliyonse n'kumveka payokha. Kudula manotsi apamwamba kuti azidumpha limodzilimodzi, monga mu nyimbo ya mabelu. Kunjenjemeretsa mawu pakati pa manotsi awiri oyandikana, mofulumira koma onse awiri akumveka. Imeneyo ndiyo ntchito ya coloratura.

Koma ndikufuna uyambe ndi "Caro nome", chifukwa m'menemo ndi mmene muli nkhani yanga. Rigoletto inayamba kuonetsedwa ku Venice mu 1851. Gilda ndi mtsikana amene bambo ake amamubisa m'nyumba, satuluka kupatula kupita ku tchalitchi. Mnyamata wina wamutsatira, walowa pabwalo, wamuuza kuti ndi mwana wa sukulu wosauka, dzina lake Gualtier Maldè. Ndi bodza. Munthuyo ndi mfumu ya mzindawo, yodziwika ndi kuwononga akazi, ndipo bambo a Gilda amagwira ntchito kwa iyo. Mnyamata atachoka, mtsikana watsala yekha usiku, akungobwereza dzina lija. Ife omvera tikudziwa kuti dzinalo ndi labodza, ndipo tikudziwa kuti anthu omuba ali kale panja.

Ndiye Verdi analemba nyimboyo ndi timipata pakati pa masilabo, ngati munthu amene mpweya ukumuthera ndi chimwemwe. Asopulano ambiri amaidula mwamphamvu, n'kumadikira pothera kuti aonetse luso. Galli-Curci sachita choncho. Tamvera mmene akutsikira pa mzere woyamba, mofatsa, timipata tilipo koma mzere sukuduka. Zokongoletsa zikayamba sizikumveka ngati wayamba chinthu china, zikungotuluka mu mtima womwewo. Ndipo m'mawu akemo muli kachisoni pang'ono ngakhale pamene akukondwa. Kachisoni kameneko lipenga silinakataye, ndipo ndi kamene kamandibweretsa ku zimbalezi nthawi zonse.

Nangondo (Johannesburg):
A Mbewe, ndi ulemu wonse, ine ndikukana pang'ono. Mukanena zimbale zakale za coloratura, woyamba ndi Luisa Tetrazzini. Anabadwira ku Florence mu 1871, ndipo atafika ku bwalo la opera la Covent Garden ku London mu 1907 n'kuimba Violetta wa mu La Traviata, mzinda wonse unagwedezeka. Mverani "Una voce poco fa" yake kapena "Sempre libera". Manotsi apamwamba akuwamenya ndi mtima wonse, mopanda mantha, ndipo ngakhale lipenga lija silikukwanitsa kubisa kuti mawuwo anali aakulu. Ameneyu anaimba panja, pa msewu, ku San Francisco usiku wa pa 24 Disembala 1910, pamaso pa chinamtindi cha anthu, popanda chokuzira mawu chilichonse.

Galli-Curci kwa ine amamveka chimodzimodzi paliponse. Gilda wofatsa, Lucia wofatsa, Rosina wofatsa. Koma Rosina, amene amaimba "Una voce poco fa" mu opera ya Rossini, si mtsikana wofatsa ayi, ndi wochenjera, akukonza zothawa m'manja mwa nkhalamba yomusunga. Tetrazzini ukamumva umadziwa kuti mtsikanayu apambana.

A Mbewe (Zomba):
Mayi Nangondo, za Rosina ndikuvomera. Tetrazzini ali ndi moto umene mnzakeyo alibe. Koma mverani mawu ake akatsika. Pamwamba ndi mkazi wamphamvu, pansi mawu amasanduka ngati a kamwana, owonda, osagwirizana ndi apamwamba aja. Anthu a nthawi yake omwe ankadandaula nazo. Galli-Curci kuyambira pansi mpaka pamwamba ndi munthu mmodzi.

Ndipo ndikuganiza kuti zimenezi zikuchokera ku mmene anaphunzirira. Anabadwira ku Milan mu 1882, ndipo sanayambe ngati woimba ndi pakamwa. Anaphunzira piyano ku sukulu yaikulu ya nyimbo ya mumzindawo, mpaka kupata mendulo ya golide. Pietro Mascagni, wolemba opera, amene ankadziwana ndi banja lawo, ndiye anamulimbikitsa kuti ayese kuimba. Mawu akewo anawasula yekha kwakukulukulu, atakhala pa piyano. Ine ndimamva woimba piyano mwa iye. Amadziwa kumene mzere ukupita usanafike, ndipo sasokoneza kayendedwe ka nyimbo pofuna kuonetsa noti imodzi.

Anayamba kuimba pa siteji mu 1906 m'tauni ya Trani, ngati Gilda yemweyu. Zaka khumi anazungulira Italy, Spain, South America, ndipo mu 1915 anaimba Lucia ndi Caruso ku Buenos Aires. Koma ku United States ankamudziwa ochepa. Pa 18 Novembala 1916, tsiku limene ankakwanitsa zaka 34, anaimba Gilda ku Chicago, ndipo kuyambira usiku umenewo dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Kampani yojambula zimbale ya Victor inali itamutenga kale chaka chomwecho. Mu Januwale 1917, patangopita miyezi iwiri, anali kale patsogolo pa lipenga ndi Caruso ndi Giuseppe De Luca, akujambula nyimbo ya anthu anayi ya mu Rigoletto ndi ya anthu asanu ndi mmodzi ya mu Lucia. Ku bwalo la opera la Metropolitan ku New York anafika mu 1921, ndi La Traviata.

Tadala, pa funso lako la holo, mawu oterewa sadzaza holo ndi kukula. Amadzaza ndi kulunjika. Noti ikakhala yoyera ndi yokhazikika pa mpweya imafika kumbuyo.

Tadala (Lilongwe):
Ndamveranso monga ananenera a Tembo, ndipo zoona, phokoso laleka kundivuta. Kenako ndinapita pa YouTube kukafuna zina. Ndapeza "Caro nome" yomweyo m'malo awiri, koma ina ikumveka yokwera ndi yothamanga kuposa inzake, mawu ake ngati a kamtsikana. Komanso pali nyimbo zina zomveka bwino, zopanda phokoso lambiri, koma m'menemo ndikumva ngati manotsi ena sakufika bwinobwino, akutsalira pansi pang'ono. Ndi khutu langa kodi?

Yamikani (Blantyre):
Khutu lanu lili bwino achemwali, mwagwira zinthu ziwiri zosiyana.

Choyamba ndi liwiro. Timazitchula kuti zimbale za 78, kutanthauza kuzungulira ka 78 pa mphindi, koma nthawi ya lipenga makina odulira phula sankayenda liwiro limodzi nthawi zonse. Zimbale zambiri za Victor za zaka zimenezo zinadulidwa pang'onopang'ono kuposa 78, cha m'ma 75 kapena 76. Munthu akaiika pa 78 ndiye kuti akuithamangitsa. Masamu ake ndi awa. Kuti nyimbo ikwere theka la toni pamafunika kuwonjezera liwiro ndi pafupifupi 6 peresenti. Kuchoka pa 75 kufika pa 78 ndi 4 peresenti. Ndiye nyimboyo yakwera kupitirira theka la thekalo, siilinso pa kiyi iliyonse, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mtundu wa mawu wasintha. Mzimayi wa zaka 35 akumveka ngati wa zaka 15, kunjenjemera kwa mawu kwathamanga, kufewa kumene a Mbewe akunena kwachoka.

Muli ndi kiyibodi ku tchalitchi? "Caro nome" inalembedwa mu E major. Imbani E pa kiyibodi nyimbo ikuyamba, ndipo mudziwa kuti mwa ziwirizo yoona ndi iti. Akatswiri okonza zimbalezi, monga Ward Marston, amakhala nthawi yaitali pa chimbale chimodzi akungofuna liwiro lake. Povuta ndi pamene woimba anasintha kiyi mwadala. "Una voce poco fa" Rossini anailembera mzimayi wa mawu otsika, mu E, koma asopulano ankakonda kuikweza kufika mu F. Pamenepo umayenera kudziwa chizolowezi cha woimbayo.

Chachiwiricho ndisiyire a Mbewe.

A Mbewe (Zomba):
Chachiwiricho chimandiwawa kunena, koma ndi choona. Zimene wapeza zomveka bwinozo ndi za pambuyo pa 1925, pamene Victor inayamba kujambula ndi magetsi ndi maikolofoni. Makina anakhala abwino pa nthawi imene mawu ake anayamba kutopa. Manotsi apamwamba anayamba kumuvuta, ndipo nthawi zina ankatsalira pansi monga wamveramo. Olemba nyuzipepala a nthawiyo ankanenanso zomwezo. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti ayambe ndi zakale zaphokosozo.

Koma musataye zamagetsi zonse. Mu 1927 anajambulanso ndi De Luca mbali ya mu La Traviata imene bambo a Alfredo abwera kudzapempha Violetta kuti asiye mwana wawo. "Dite alla giovine". Mulibe zothamanga, mulibe noti yokwera kwambiri. Ndi mkazi amene wavomera kutaya chinthu chokhacho chimene anali nacho, ndipo akuimba motsitsa kwambiri. Pamenepo kutopa kwa mawu sikukuwononga kanthu. Anthu awiriwa anali atajambulapo kale nyimbo yomweyo ndi lipenga mu 1918, ndiye mukhoza kuziika pamodzi n'kumva zimene zaka zinachotsa ndi zimene zinawonjezera. Zimene anaimba ndi Tito Schipa nazonso ndi zokoma, chifukwa onse awiri ndi anthu osakonda kufuula.

Mayi Nachisale (Manchester):
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilowepo ngati namwino. Galli-Curci anali ndi chithokomiro, ndipo chinakhala chikukula kwa zaka zambiri. Chotupa chimenechi chikakula chimakankha kholingo ndi njira ya mpweya. Kwa munthu wamba ndi vuto, nanji kwa munthu amene ntchito yake yonse ili pa mpweya ndi pa timinofu ta pakhosi. Zimene Tadala wamvazo zikhoza kukhala kuti zinayambira pamenepo.

Anasiya opera mu 1930, n'kumangoimba m'makonsati. Mu 1935 anamuchita opaleshoni ku Chicago, ali maso, atangomupha dzanzi pakhosi. Chaka chotsatira anayesa kubwerera pa siteji mumzinda womwewo, ngati Mimì mu La bohème, koma sizinayende, ndipo posakhalitsa anasiyiratu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dzina lake limaphunzitsidwa kwa madokotala mpaka lero. Pali kamtsempha kakang'ono kamene kamadutsa pafupi ndi nsonga ya chithokomiro, kamene kamalamulira mnofu wokoka zingwe za mawu kuti zikungike. Zingwezo zikakungika ndi pamene munthu amakweza mawu. Kamtsempha kameneko kakavulala pa opaleshoni, munthu amayankhula bwinobwino, achibale sazindikira kanthu, koma manotsi apamwamba apita ndipo mawu satenga nthawi kutopa. Madokotala amakatchula kuti mtsempha wa Galli-Curci. Ena amene anafufuza nkhaniyi pambuyo pake amatsutsa, amati palibe umboni wokwanira woti opaleshoniyo ndi imene inawononga mawu ake, poti anali atayamba kale kutsika ndipo iye anali ndi zaka zoposa 50. Zimbale zimene mukukambiranazi zikugwirizana ndi mbali imeneyo, chifukwa zomaliza anajambula cha m'ma 1930, mpeni usanamukhudze.

Kwa oimba a m'makwaya athu, makamaka amayi, poti chithokomiro chimagwira kwambiri akazi: mukaona chotupa pakhosi, kapena mawu asintha kwa milungu ingapo osabwerera, pitani kuchipatala. Ndipo muwauze adokotala kuti mumaimba.

Tadala (Lilongwe):
Zikomo kwambiri amayi. Ndiwauza anzanga ku kwaya. Anakhala moyo nthawi yaitali atasiya?

Mayi Nachisale (Manchester):
Anakhala ndithu. Anamwalira mu Novembala 1963 ku La Jolla, ku California, ali ndi zaka 81.

Yamikani (Blantyre):
Ndibwerere ku phokoso, chifukwa ndayesa chinthu. Ndatenga nyimbo ya mabelu ija n'kuidutsitsa mu pulogalamu imene timachotsera phokoso mu situdiyo. Ndaiika apa. Ku America, zimbale zotulutsidwa chisanafike chaka cha 1923 zinamasulidwa kwa aliyense kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo zambiri za Victor mukhoza kuzimvera kwaulere pa National Jukebox ya Library of Congress. Ndiye ine ndikuona kuti palibe chifukwa chomangirira achinyamata ku phokoso. Munthu wa zaka 20 akamva chiii amatseka pa masekondi khumi. Tikayeretsa, mwina amvera mpaka kumapeto.

A Mbewe (Zomba):
A Yamikani, ndamvera, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha nthawi yanu. Phokoso lachokadi. Koma tamverani poyambira penipeni, pamene akuimba yekha popanda zoimbira, akukweza mawu kenako n'kuwabweza motsitsa ngati akuchokera kutali. Pa chimbale chaphokoso, noti ikamatha imazilala pang'onopang'ono. Pa yanuyi ikungoduka, ndipo pozungulira mawu pali kenakake konga chitsulo. Kufewa kuja kwapita limodzi ndi phokoso.

Yamikani (Blantyre):
Zimenezo ndazimva nanenso. Vuto lake n'lakuti phokoso ndi timawu tochepa tapamwamba timene lipenga linakwanitsa kugwira zili malo amodzi. Pulogalamu siidziwa kusiyanitsa, ndiye ikadula imadula zonse. Ndinakankha kwambiri kuti muone mapeto ake. Njira yabwino ndi kuchotsa kuthetheka kokha, kumene kumabwera ndi mikwingwirima ya pa chimbale, n'kutsitsa phokoso pang'ono chabe. Koma sindikusintha maganizo anga akuti kuyeretsa pang'ono n'kofunika.

Pali njira inanso imene kampani ya Nimbus ku Britain inkachita pa zimbale zake za Prima Voce. Ankatenga chimbale chenichenicho, n'kuchiimba pa galamafoni ya chilipenga chachikulu kwambiri, ndi singano yaminga, m'chipinda chomveka bwino, kenako n'kujambula ndi maikolofoni zimene zikutuluka. Mawu amamveka ofunda ndi ozungulira. Ena amazikonda, ena amati ukumva chipindacho osati woimbayo.

A Tembo (Chipata):
Ine njira imeneyo ndi imene ndimaikonda, chifukwa zimbalezi anazipangira lipenga. Amene ankadula phula ankayesa ntchito yawo pa galamafoni, osati pa mahedifoni.

Nangondo (Johannesburg):
Ndamveranso nyimbo ya mabelu, yaphokosoyo, ndipo apa a Mbewe ndikupatsani. Ndinali nditaiwala nkhani yake. Lakmé sakuimba chifukwa chokondwa. Bambo ake, wansembe wachihindu, amukakamiza kuimba pa msika kuti msilikali wachingelezi amene analowa m'malo awo opatulika adziulule, iwo amuphe. Mtsikanayo akumukonda msilikaliyo, ndipo akudziwa kuti mawu ake omwe ndiwo msampha. Ndiye kufatsa ndi kachisoni kaja apa kali pamalo pake. Woimba akaisandutsa mpikisano wa mabelu, nkhani yonse yatayika.

Kuno anthu ambiri Lakmé anaidziwira kwa Pretty Yende, mwana wa ku Piet Retief. Iye amanena kuti anayamba kufuna opera atamva nyimbo ya akazi awiri ya mu Lakmé yomweyi pa kanema wotsatsa British Airways, ali mtsikana. Lero amaimba Lucia ndi Violetta m'mabwalo akuluakulu, ndipo anaimba pa mwambo woveka ufumu Charles III mu 2023. Tadala, umumvere iyeyo pambali pa amayi akalewa. Mawu ake ndi odzaza kuposa a Galli-Curci, ndipo kujambula kwa lero kukupatsa zonse zimene lipenga linkataya. Ukatero ukhoza kuyerekeza m'mutu mmene akalewo ankamvekera mu holo.

Koma pa Rosina ndidakali kwa Tetrazzini.

Tadala (Lilongwe):
Ndamumvera Pretty Yende mu Lucia, kenako ndabwerera ku chimbale cha Galli-Curci cha 1917. Pali malo amene akuimba ndi chitoliro chokha, iye akuyamba chitoliro n'kumutsatira, kenako akuyendera limodzi. Pa chimbale chakalecho nthawi zina sindikutha kusiyanitsa kuti munthu ndi uti, chitoliro ndi chiti. Kodi Donizetti analemba choncho?

A Mbewe (Zomba):
Ayi, mbali imeneyo si ya Donizetti. Lucia di Lammermoor inayamba ku Naples mu 1835. Pa chochitika chimenechi Lucia wapha mwamuna amene anamukakamiza kukwatiwa naye, usiku wa ukwati womwewo, ndipo watulukira kwa alendo mutu utasokonekera, akuganiza kuti akukwatiwa ndi Edgardo amene amamukonda. Donizetti poyamba ankafuna kuti mawuwo aperekezedwe ndi choimbira cha magalasi, chimene amachiimba pokhula m'mphepete ndi zala zonyowa, koma chinalowedwa m'malo ndi chitoliro. Mpikisano wautali uja wa mawu ndi chitoliro unabwera patapita zaka zoposa 50, ndipo umalumikizidwa ndi sopulano Nellie Melba ndi mphunzitsi wake Mathilde Marchesi, ku Paris cha m'ma 1889. Pofika nthawi ya Galli-Curci unali utasanduka mwambo, aliyense ankauyembekezera.

Kusasiyanitsa kumene ukunenako, mbali ina ndi zimene anafotokoza a Yamikani, lipenga ladula timawu tosiyanitsa munthu ndi chitoliro. Koma mbali ina ndi iye mwini. Kuti ziwirizo zisakanikirane choncho, noti iyenera kuyamba ili kale pakati penipeni, osachita kuikwawira kuchokera pansi, ndipo mpweya uyenera kutuluka mofanana mpaka kumapeto. Mu 1917 ankazichita zimenezi mosalephera.

Ukafuna kuphunzirapo kanthu ku kwaya, usayambe ndi zothamangazo, ungadzipweteke pakhosi. Tenga mzere woyamba wa "Caro nome", manotsi otsika motsatana aja. Uimbe pa kiyi imene ikukuyenera, motsitsa mawu, uike timipata tija koma osatenga mpweya watsopano pa kampata kalikonse. Ukaona kuti ukutha kufika kumapeto kwa mzere mawu asanagwedezeke, ujambule pa foni utitumizire.

Tadala (Lilongwe):
Ndiyesa Loweruka tikamaliza pulakatisi, kiyibodi ikakhala yopanda munthu. Ndiyesanso ziwiri zija ndi E monga ananenera achimwene Yamikani.

Yamikani (Blantyre):
Mukapeza yoona mutiuze. Ine ndikonzanso ya mabelu ija, ulendo uno ndingochotsa kuthetheka kokha, a Mbewe ndi a Tembo adzaweruze.

Nangondo (Johannesburg):
Sabata yamawa ndi yanga. Ndiika "Una voce poco fa" ya Tetrazzini ndi ya Galli-Curci motsatana, osalemba kuti iyi ndi ya ndani. A Yamikani, ndikutumizirani kaye kumbali kuti muone ngati liwiro lili bwino pa zonse ziwiri.